Zaka 70 za Amayi: ulendo wa ku Mafia

Achemwali: Abale, ndacheza nawo Amayi usiku. Phwando la mu holo akana. Akuti tiwaperekeze ku Mafia, kumene anakhalako ndi malemu Bambo atangokwatirana.

Mphatso: Mafia ya zigawenga ija? 😂

Amalume: Iwe Mphatso, ndi chilumba cha ku Tanzania, kummwera kwa Zanzibar. Ndinakawaonako kamodzi. Dzuwa likalowa kunkangoti zii, phokoso linali la mafunde ndi makokonati akagwa basi. Galimoto tsiku lonse umatha kuziwerenga ndi zala.

Azakhali: Achimwene, musaiwale kuti munasanza ulendo wonse pa boti lochokera ku Nyamisati.

Amalume: Zimenezo si za pagulu pano.

Achemwali: Ndiye nkhani yake ndi yomweyo. Boti limadya maola angapo, ndipo mawondo a Amayi mukuwadziwa. Ndege yaing'ono kuchokera ku Dar es Salaam ndi mphindi 30 zokha kukatera ku Kilindoni, tauni yaikulu ya pachilumbapo.

Mlamu: Ine ndafufuza zogona. Malo abwino ambiri ali ku Utende, koma kumeneko ndi m'kati mwa Marine Park, paki yotetezera zamoyo za m'nyanja, yomwe anaikhazikitsa mu 1995, ndipo mlendo aliyense amalipira tsiku lililonse. Tili anthu 9, ndiye tiganizire bwino.

Mphatso: Ine ndikufuna Disembala, nyengo ya ma whale shark. Amasambira nawo kufupi ndi Kilindoni komweko.

Azakhali: Nsomba yaikulu ngati basi usambire nayo? Ine ndidzakhala pamchenga ndi zikwama.

Amayi: Ana anga, zikomo. Ine za nsombazo ayi. Ndikufuna ndikawolokere ku kachilumba ka Chole pa kaboti ka matanga. Kuli mabwinja a nyumba zakale amene mizu ya mitengo inawakumbatira, ndipo chakumadzulo mileme imatuluka gulu. Bambo anu ankandidikitsa pamenepo mpaka mdima, ati tiwerenge mileme. Sitinafikepo pa 100 tisanayambe kukangana.

Achemwali: Amayi, mwina kunasintha. Msewu wa ku Utende akuti anauthira phula.

Amayi: Phulalo silinawoloke nyanja kukafika ku Chole.

Mlamu: Basi, usiku uwiri ku Utende, wotsalawo ku Kilindoni kuti Mphatso akaone nsomba zake.

Achemwali: Chabwino. Aliyense aone pasipoti yake lero, osati mawa. Amalume, yanu ija sinathe?

Amalume: Ndiifunefune kaye.