Kubweretsa banja ku Britain kwa ogwira ntchito yosamalira okalamba: malamulo akuti chiyani tsopano?

Nangozo wa ku Leeds:

Ndikupempha uphungu kwa amene nkhaniyi akuidziwa bwino. Ndinalowa m'dziko lino mu 2023 pa viza ya Health and Care Worker, ndipo ndimagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba. Amuna anga ali ku Malawi pamodzi ndi ana athu awiri, wazaka 9 ndi wazaka 16, komanso mwana wa malemu mchemwali wanga amene takhala tikumulera kuyambira ali wakhanda. Anzanga ena akundiuza kuti boma linaletseratu anthu a ntchito yathuyi kuitanitsa mabanja, pamene ena akuti chiletsocho sichikhudza ife amene tinafika kale. Ndikufunanso kusintha abwana chifukwa maola amene ndikupatsidwa ndi ochepa, koma ndikuopa kuti ndikatero nditaya mwayi umene ndingakhale nawo. Zoona zake ndi ziti, ndipo ana atatuwa angabwere onse?

Achimwene a ku Coventry:

Mayi Nangozo, magulu onse awiri a anzanuwo akunena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali imodzi. Chiletsocho chinayamba kugwira ntchito pa 11 Malichi 2024, ndipo chimakhudza osamalira okalamba amene anapempha viza kuyambira tsiku limenelo. Amene anali kale pa viza ya ntchitoyi tsikulo lisanafike, ngati inuyo, anasiyiridwa ufulu woitanitsa mkazi kapena mwamuna ndi ana, ndipo ufuluwo sutha chifukwa chosintha abwana, bola mukhalebe pa ntchito ya mtundu womwewo ndipo chilolezo chanu chokhala m'dziko lino chisadukize. Choncho musasiye ntchito musanalandire chikalata chokuvomerezani kwa abwana atsopano ndi kupempha viza yatsopano, ndipo popeza muli ku England, onetsetsani kuti abwanawo ali m'kaundula wa bungwe la Care Quality Commission, loyang'anira ntchito zosamalira anthu, komanso ali ndi chilolezo cholembera anthu ochokera kunja chochokera ku Home Office, unduna woona za maviza. Abwana akalandidwa chilolezo chimenechi, wantchito amapatsidwa masiku 60 okha oti apeze ena, ndipo viza ya aliyense wa m'banja imadalira viza yanu.

Kumbali ya ndalama, mwayi wanu ndi wakuti viza ya Health and Care simalipiritsa ndalama ya zachipatala imene anthu a maviza ena amalipira, yomwe ndi mapaundi 1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu ndi mapaundi 776 kwa mwana. Chimene muyenera kuonetsa ndi ndalama yosamalira banjalo likafika: mapaundi 285 a amuna anu, 315 a mwana woyamba ndi 200 a mwana aliyense wotsatira, ndipo ndalamayi ikhale itagona mu akaunti masiku 28 osatsikapo, pokhapokha ngati abwana anu atalemba kuti iwo ndiwo aikira kumbuyo banjalo mwezi woyamba. Malawi ali m'gulu la mayiko amene anthu ake amayezedwa chifuwa chachikulu asanapemphe viza yopitirira miyezi 6, ndipo chikalata cha kuyezedwako chimatha mphamvu pakapita miyezi 6, ndiye musathamangire kuyezetsa mapepala ena asanakonzeke.

Chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi nkhani ya mwana wazaka 16. Lamulo limayang'ana msinkhu wa mwana pa tsiku limene pempho laperekedwa, ndipo akangokwanitsa zaka 18 asanalowe m'ndondomekoyi, khomo limatsekeka ngakhale akhale akudalirabe inu pa chilichonse.

Nabanda:

Zimene afotokoza achimwene pamwambapa ndi zolondola, koma adumpha funso limene ine ndikuona kuti ndi lovuta kuposa onse, la mwana wa malemu mchemwali wanu. Kwathu mwana wa mchemwali wako ndi mwana wako, makamaka m'mabanja a chikamwini momwe ana amawerengedwa kuchikazi, ndipo palibe amene angakufunseni pepala kuti mumulere. Malamulo a Home Office sazindikira zimenezi. Kwa iwo mwana wodalira inu kawirikawiri ndi amene munabereka inuyo kapena amuna anu, kapena amene munamutenga kudzera m'khothi mwa njira imene malamulo a dziko lino amaivomereza. Kalata ya mfumu kapena ya ankhoswe yonena kuti mwanayo mwamulera kuyambira ali wakhanda ingathandize ngati umboni wowonjezera, koma payokha sikwanira. Komanso ngati bambo ake a mwanayo ali moyo, akuluakulu oona za maviza adzafuna kudziwa chifukwa chimene iwo sangamulerere.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani kuti musachite, ngakhale wina akuuzeni kuti ndi chosavuta: kukatenga chiphaso cha kubadwa chonena kuti mwanayo munabereka ndinu. Zikadziwika, pempho limakanidwa chifukwa cha chinyengo, munthu angathe kuletsedwa kulowa m'dziko lino mpaka zaka 10, ndipo chilolezo chanu chomwe chingakhale pa chiopsezo. Nkhani ya mwana ameneyu ipititseni kwa loya kapena kwa mlangizi wovomerezeka ndi bungwe la Immigration Advice Authority, limene kale linkatchedwa OISC, osati kwa anthu amene amalonjeza pa WhatsApp kuti amadziwa njira zachidule.

Ndionjezenso za ana anu awiriwo. Lamulo limafuna kuti makolo onse awiri akhale kuno kapena akhale akupempha viza nthawi imodzi ndi anawo, kupatula pamene kholo linalo linamwalira, kapena inu nokha ndinu amene muli ndi udindo wonse pa mwana, kapena pali zifukwa zina zazikulu. Izi zikutanthauza kuti maganizo oti ana atsogole amuna anu atsalire kumudzi ndi mwana wachitatuyo, omwe ndikudziwa kuti angakufikireni, sangayende mosavuta.

Nangozo wa ku Leeds:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Nabanda, maganizo amenewo ndinali nawodi. Funso lina ndi lakuti ukwati wathu unali wa chinkhoswe, sitinapite kutchalitchi kapena kwa DC. Kodi zimenezi zitivuta?

Mkulu wa ku Glasgow:

Mayi, dziko la Britain limavomereza ukwati umene ndi wovomerezeka m'dziko limene unachitikira, ndipo lamulo la maukwati la Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo. Vuto lili pa umboni, chifukwa wogwira ntchito amene aziona pempho lanu sadziwa kuti chinkhoswe ndi chiyani ndipo amafuna pepala la boma. Amuna anu apite ku ofesi ya DC akafunse za kulembetsa ukwatiwo, ndipo atengenso ziphaso za kubadwa za ana ku National Registration Bureau zosonyeza maina a nonse awiri, atalembedwa mofanana ndi mmene alili m'mapasipoti. Kusiyana kwa kalembedwe ka dzina, kumene kwathu sitikulabadira, kuno kumachedwetsa pempho. Njira ina ndi yosonyeza kuti mwakhala pa ubale ngati banja kwa zaka 2 kapena kuposerapo, ndipo apa ana anu, marisiti a ndalama zimene mumatumiza ndi mauthenga anu ndi umboni wabwino.

Mudziwenso kuti amuna anu akafika adzaloledwa kugwira ntchito pafupifupi iliyonse, koma banja lonse silidzaloledwa kulandira chithandizo cha ndalama cha boma monga Universal Credit. Pa maola ochepa amene mukunenawo, lendi ya nyumba ya anthu anayi kapena asanu ku Leeds siidzatheka, ndiye ine ndikanayamba ndi kusintha abwana, kenako n'kupereka mapempho a banja mwana wamkuluyo asanafike zaka 18.