Ntchito ya energy audit: woyamba kumene ayambire pati?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Wachinyamata amene anaphunzira zamagetsi akafuna kulowa ntchito yofufuza mmene nyumba zimawonongera magetsi, ayambe ndi satifiketi kapena zipangizo?

Ntchitoyo imayamba ndi kusonkhanitsa mabilu a miyezi 12, kenako kuyeza ndi clamp meter magetsi amene magiza, mababu ndi makina oziziritsa mpweya akukoka. Mpweya wothawira m'ming'alu amauyeza ndi fani ya blower door yomangirira pakhomo, pa mphamvu ya mpweya yokwana ma pascal 50. Kamera yoona kutentha nayo imanamiza ngati mkati ndi kunja simukusiyana ndi madigiri pafupifupi 10, kapena ngati dzuwa langowomba khomalo.

Pamene pavuta ndi apa: satifiketi ya CEM (Certified Energy Manager) ya bungwe la Association of Energy Engineers imafuna kuti munthu akhale atagwirapo kale ntchitoyi zaka zingapo. Ndiye kodi njira yabwino ndi kuyamba ngati wothandizira katswiri? Nanga pakati pa kamera ndi data logger (kachipangizo kosunga mbiri ya mmene magetsi akugwiritsidwira ntchito usana ndi usiku), choyamba kugula ndi chiti? Ine ndikuona ngati logger, chifukwa imagwira makina osiyidwa akuyaka usiku wonse, koma inu amene mukuigwira ntchitoyi mundiwongole.