Ana a anthu obwera ku America: ndi dera limene limawateteza, kapena ziwerengero zikutipusitsa?

Nachisale:

Funso langa likupita kwa inu amene mumadziwa kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu ndi zaumoyo. Ziwerengero za ku United States zimaonetsa kuti amayi obadwira ku Mexico amabereka ana a sikelo yabwino, ndipo makanda awo amene amamwalira sachuluka kuposa a azungu obadwira komweko. Chonsecho ambiri mwa amayiwa ndi osauka, sukulu sanapite nayo patali, inshuwalansi ya chipatala alibe. Ena amati chinsinsi chagona pa madera amene obwera amakhala mothithikana, oyankhula chinenero chimodzi. Kodi ofufuza amadziwa bwanji kuti ndi deralo, osati china? Nanga wofuna kuchita kafukufuku wotere ayambire pati, ndipo mbuna zili pati?

Mbewe:

A Nachisale, tiyambe ndi chodabwitsacho, za dera zibwere pambuyo. Amene anachitchukitsa ndi Kyriakos Markides ndi Jeannine Coreil mu 1986, poona umoyo wa anthu oyankhula Chisipanishi a kummwera chakumadzulo kwa dzikolo. Pa makanda, zimene amayeza kawirikawiri ndi zitatu: kubadwa ndi sikelo yosakwana magalamu 2,500, kubadwa masabata 37 asanakwane, ndi kumwalira mwana asanakwanitse chaka.

Dera lisanalowe m'nkhani, pali mafotokozedwe awiri oyenera kuwachotsa kaye. Koyamba, amene amasamuka si anthu wamba a kwawo. Ulendo wotere umafuna mphamvu, ndalama ndi kulimba mtima, choncho odwaladwala amatsala. Kachiwiri, ena akadwala amabwerera kwawo, imfa yawo osalembedwa m'mabuku a ku America. Kachiwiriku kumagwira kwa okalamba, koma kwa makanda n'kofooka. Robert Hummer ndi anzake mu 2007 anaona imfa za mu ola loyamba, tsiku loyamba ndi sabata yoyamba mwana atabadwa, nthawi imene mayi sangakhale atawoloka malire ndi khanda lodwala. Anapezabe kuti makanda a amayi ochokera ku Mexico amamwalira mocheperapo, ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse, poyerekeza ndi a azungu.

Nkhaniyi si ya a ku Mexico okha. Mu 1997 Richard David ndi James Collins anaunika zikalata za kubadwa za ku Illinois n'kupeza kuti ana a amayi akuda obadwira ku Africa anali ndi sikelo yoyandikira ya ana a azungu, pomwe ana a amayi akuda obadwira ku America anali otsika kwambiri. Apa ndi pamene maganizo akuti zonse n'zakumtundu anagwa chagada. Chimene chimavulaza chili m'moyo umene munthu wakulira. Mwayi wa obwerawo umapitanso ukutha mibadwo ikamasinthana, ndiye n'chifukwa chake maso a ofufuza anatembenukira ku malo amene mabanja akukhala.

Nagama:

Zimene anena a Mbewe n'zoona, koma kafukufuku wambiri amaonongekera pa muyezo, asanafike n'komwe pa funso la dera.

Sikelo ya khanda ndi muyezo wodalirika chifukwa pafupifupi mwana aliyense amayezedwa pobadwa. Mphumu ndi nkhani ina. Funso limene limafunsidwa nthawi zambiri ndi lakuti, kodi dokotala anakuuzanipo kuti mwanayu ali ndi mphumu? Mwana amene sanaonanepo ndi dokotala adzawerengedwa ngati wabwinobwino ngakhale akubanika usiku uliwonse. Ndiye banja lopanda inshuwalansi limaoneka lathanzi pa pepala. Njira yake ndi kufunsanso zizindikiro zenizeni: kulira kwa m'chifuwa m'miyezi 12 yapitayi, kutsokomola usiku popanda chimfine, kubanika posewera. Mukayerekeza mayankho a mafunso awiriwa mudzaona kuchuluka kwa ana odwala amene sanapimidwe. Ngati ndalama zilipo, yezani nokha: msinkhu, sikelo, mtovu wa m'magazi. Ku America penti ya mtovu ya m'nyumba inaletsedwa mu 1978, choncho chaka chimene nyumba inamangidwa chilembedwe, ndipo kuyambira 2021 bungwe la boma loona za matenda la CDC limatenga 3.5 micrograms za mtovu pa decilitre ya magazi ngati mlingo woyambira kuchitapo kanthu.

Chinenero chimanamizanso. Pa funso lakuti umoyo wa mwana uli bwanji, yankho lachinayi pa asanu, limene m'Chingelezi limawerengedwa ngati umoyo wosakhala bwino, m'Chisipanishi linkamasuliridwa kuti regular, mawu amene kwa ambiri amangotanthauza kuti zili choncho, palibe chodandaulitsa. Oyankha m'Chisipanishi amaoneka odwala kuposa mmene alili. Onani mmene mbuna ziwirizi zikukokera kosiyana: ina ikubisa matenda, inayi ikuwachulukitsa. Lembani chinenero chimene munthu aliyense wafunsidwira ndipo muchiike m'masamu anu.

Musaunjikenso onse oyankhula Chisipanishi m'gulu limodzi. Ana a mabanja ochokera ku Puerto Rico ali m'gulu la amene mphumu imawavuta kwambiri m'dzikomo, pomwe ochokera ku Mexico ali m'munsi, ndipo a ku Puerto Rico ndi nzika za America chibadwire. Dziko lochokera, zaka zimene mayi wakhala m'dzikomo, ndi kumene mwanayo anabadwira, chilichonse chikhale ndi funso lakelake.

Tsopano dera. Ambiri amagwiritsa ntchito census tract, kachigawo ka kalembera kokhala ndi anthu pafupifupi 4,000, chifukwa ziwerengero za umphawi ndi za obadwira kunja zimapezeka mosavuta pa mlingo umenewo. Vuto lake, malire akewo anajambulidwa mu ofesi. Mayi akhoza kugona m'kachigawo aka, koma tchalitchi, sukulu ya mwana ndi mchemwali wake womulerera ana zili m'kachigawo kena. Bwerezani masamu anu ndi malire aang'ono komanso aakulu. Zotsatira zikasintha, ndiye kuti zimene mwapeza ndi za mapu, osati za ana.

Ndipo ziwerengero za kalembera sizikuuzani mmene anthu amakhalirana. Amene anasonyeza njira ndi Robert Sampson, Stephen Raudenbush ndi Felton Earls ku Chicago. Anagawa mzindawo m'madera 343 n'kufunsa anthu 8,782, ndiye kuti pafupifupi 25 pa dera. Mafunso anali 10: asanu a kukhulupirirana ndi kuthandizana, asanu ofunsa ngati oyandikana nawo angachitepo kanthu ataona ana akujomba kusukulu, akulemba pakhoma, akuchitira mwano wamkulu, ndi zina zotero. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti anthu ofotokoza za dera asakhale omwewo amene mukuyeza ana awo, chifukwa mayi amene mwana wake akudwala amaona dera lonse ngati loipa. Mwa njira, zotsatira zawo za mu 1997 zinaonetsa kuti madera ochuluka obwera anali otsikirapo pa muyezo umenewu. Choncho zoti obwera akakhala pamodzi ndiye kuti akugwirizana si zongotengera, n'zofunika kuziyeza.

Chirwa:

Ndionjezere chimodzi chimene masamu sangachithetse. Mabanja sagwa m'madera ngati mvula. Amasankha, kapena amakankhidwa ndi lendi, ntchito ndi kumene kuli abale. Banja limene langofika, lomwe likadali ndi mphamvu zija anena a Mbewe, ndi lomwenso limayambira m'dera la anzawo. Mukapeza kuti ana a m'derali ndi athanzi, mwina mwangoyeza kuti makolo awo afika posachedwa.

Mayankho olimba amachokera pamene wina, osati banja, ndiye anasankha malo. Pakati pa 1994 ndi 1998 boma la America linachita maere pa mabanja pafupifupi 4,600 a m'nyumba za boma ku Baltimore, Boston, Chicago, Los Angeles ndi New York, mu pulogalamu ya Moving to Opportunity. Gulu lina linapatsidwa thandizo la lendi logwira ntchito m'madera okhawo amene osauka sakwana 10 pa 100. Amene anasamukadi ndi pafupifupi theka. Zotsatira zake sizinali zosalala: amayi kunenepa kopitirira muyeso ndi matenda a shuga zinachepa, atsikana maganizo awo anakhazikika, koma anyamata sanapindule chimodzimodzi, ena zinawaipira. Mu 2016 Raj Chetty ndi anzake anapeza kuti ana amene anasamuka asanakwanitse zaka 13 atakula ankalandira ndalama zochuluka ndi 31 pa 100 kuposa ana a mabanja amene sanapatsidwe thandizo la lendi. Koma pulogalamuyi sinakonzedwere obwera, ndipo banja losayankhula Chingelezi likachoka pakati pa anzawo limataya zinthu zimene mabanja enawo sanataye.

Za obwera enieni, onani ku Sweden, kumene pakati pa 1985 ndi 1994 boma ndilo linkagawira othawa kwawo malo okhala. Amene anaikidwa m'madera osauka anadzadwala shuga mochulukirapo patapita zaka. Awa anali akuluakulu, osati ana, koma kapangidwe ka kafukufukuko ndi koyenera kutengera. Popanda mwayi wotere, tsatirani ana omwewo kwa zaka, lembani adiresi iliyonse ndi mwezi wosamukira, ndipo yerekezani ana a mimba imodzi amene anakulira m'madera osiyana.

Nachisale:

Zikomo nonse. Nanga malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko amalowa pati? Akuoneka kuti akhoza kusokoneza zonsezi.

Mbewe:

Amasokonezadi, mayi, ndipo umboni wake ndi wina mwa wolimba kwambiri pa nkhani yonseyi. Pa 12 May 2008 akuluakulu a zolowa ndi kutuluka anagwira antchito 389 pa fakitale ya nyama ku Postville, Iowa. Nicole Novak ndi anzake anayerekeza ana obadwa m'masabata 37 otsatira ndi a nyengo yomweyo chaka chapitacho. Chiopsezo cha sikelo yotsika chinakwera ndi 24 pa 100 kwa ana a amayi a mtundu wa Latino (a mabanja ochokera ku Latin America) m'boma lonse la Iowa, kuphatikizapo amayi obadwira ku America amene sakanathamangitsidwa. Kwa amayi achizungu sichinasinthe. Nyumba, misewu ndi umphawi zinali zomwezo, chinasintha ndi mantha.

Mbali inayo ikuchokera ku Oregon. Ndondomeko ya DACA ya mu 2012, yoletsa kuthamangitsa anthu opanda zikalata amene anabwera m'dzikomo ali ana, inkateteza okhawo obadwa pambuyo pa 15 June 1981. Jens Hainmueller ndi anzake mu 2017 anayerekeza amayi obadwa pafupi ndi tsikulo, mbali iyi ndi iyo, anthu ofanana m'zonse kupatula chitetezocho. Ana a amayi otetezedwa amene anapezeka ndi matenda a nkhawa anachepa ndi theka n'kupitirira.

Pa kafukufuku wanu, boma (state, monga Iowa kapena Oregon) limene banja likukhala ndi chaka zikhale m'masamu nthawi zonse. Lamulo la mu 1996 linati obwera ambiri a zikalata adikire zaka zisanu asanalandire Medicaid, inshuwalansi ya chipatala ya boma ya anthu osauka, kenaka la mu 2009 linapatsa boma lililonse ufulu wochotsa kudikirako kwa ana ndi amayi oyembekezera. Ena anachotsa, ena ayi, choncho madera awiri ofanana m'maboma awiri si ofanana kwa mwana wodwala. Zikalata za makolo musazifunse mwachindunji koyambirira, anthu amasiyira mafunso panjira. Funsani kumapeto, mochotsera: ndi nzika? Ngati ayi, ali ndi chilolezo chokhazikika? Ngati ayi, ali ndi visa? Otsalawo, opanda zikalata aja, mumawadziwa osawatchula. Mayina ndi maadiresi asungidwe kosiyana ndi mayankho, ndipo pezani Certificate of Confidentiality, chikalata choteteza zinsinsi za ofunsidwa, ku NIH, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo, musanagogode pa khomo loyamba.