Ndithandizeni: zithunzi zakale za Africa Unity Square

Moni nonse abale anga a kuno ku Harare, makolo ndi achinyamata omwe.

Ndikulemba mbiri ya agogo athu aamuna, amene anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito yosamalira maluwa pabwaloli nthawi imene linkatchedwa Cecil Square. Vuto langa ndi lakuti ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha antchito akudawo.

Pa intaneti ndapeza zodziwika kale: kuti pa 13 Sepitembala 1890 gulu la atsamunda lotchedwa Pioneer Column linakweza mbendera ya Britain pamenepo, kuti tinjira take anatiyala motsanzira mbenderayo, ndiponso kuti dzina linasintha Zimbabwe italandira ufulu. Zithunzi zimene ndikuziona n'za Meikles Hotel, tchalitchi cha Anglican ndi nyumba yakale ya malamulo basi. Nanga anthu amene ankathirira mitengo ya jakaranda ija ali kuti? Zimandiwawa kwambiri.

Ndafunsa amayi ogulitsa maluwa mbali ya Jason Moyo Avenue, ndafunsanso akuluakulu a kumpingo kwathu ku Mbare, koma onse akuti iwo anabwera nthawi imeneyo itadutsa kale.

Kodi alipo amene anasunga zithunzi za m'ma 1950, kapena amene makolo ake ankagwira ntchito kumeneko? Ngati n'ku National Archives, kosungira zolemba ndi zithunzi zakale za dziko, munthu amayambira pati? Chonde ndithandizeni.