Chikole cha K2,000 pa mabuku a laibulale ya kwathu chautsa mapiri pachigwa

Mlembi wa gulu (Lilongwe): Makolo ndi abale nonse, ndikudziwitseni kuti makatoni 14 a mabuku amene anatumiza achemwali athu a Nambewe kuchokera ku Manchester afika pasukulu ya pulaimale ya kwathu Lachiwiri lapitali, ndipo asungidwa m'chipinda chija amasungiramo makasu ndi ufa wa phala. A hedi pamodzi ndi komiti ya sukulu alemba malamulo obwereketsera mabukuwa, ndipo apempha kuti tiwaone laibulale isanatsegulidwe. Akuti obwereka akhale a Sitandade 7 ndi 8 okha, mwana aliyense apereke chikole cha K2,000 pa teremu, buku libwezedwe pasanathe masiku asanu, wochedwa alipire chindapusa cha K200 pa tsiku, ndipo pa tchuthi pasatuluke buku ngakhale limodzi. Laibulaleyo izitsegulidwa Lachitatu lokha, ana akaweruka.

Aphunzitsi a Phiri (opuma ntchito, kumudzi): Zikomo a mlembi. Malamulowa ndawawerenga kawiri, ndipo sindinapezemo mzere ndi umodzi womwe wothandiza mwana kuti awerenge. Ine ndinali m'kalasi mu 1994 pamene boma linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ndinaona ndi maso angawa ana amene ankakhalira kuweta mbuzi akudzaza mpaka pansi pa mitengo. Ena a iwo muli pagulu pano ndi madigiri anu. Ndalama imene inkawatsekereza kunyumba inali yochepa kwambiri m'maso mwa munthu wapantchito, monga mmene K2,000 ikuonekera yochepa kwa inu a m'tauni lero. Koma mayi amene ali ndi ana atatu pasukulupa, amene amadikira kukumba kachewere kuti aone ndalama m'manja, adzauza anawo kuti mabuku a sukulu akukwanirani. Tikatero tabweretsanso fizi kudzera pakhomo la laibulale.

Chachiwiri, kusiya kunja Sitandade 5 ndi 6 ndi kulakwitsa kwakukulu kuposa chikolecho. Ntchito ya boma yolimbikitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 inalunjika Sitandade 1 mpaka 4. Mwana akafika Sitandade 5 amapeza kuti sayansi, masamu ndi maphunziro ena onse akuyenda m'Chingerezi, ndipo pamenepo m'pamene ambiri amayamba kungokopera za pabolodi osamva kanthu. Ameneyo ndiye wofunika kabuku ka nthano kosavuta. Wa Sitandade 8 alibe nthawi ya nthano, mutu wake uli pa mayeso a MANEB, ndipo ngati sanazolowere kuwerenga zaka zitatu zam'mbuyo, teremu imodzi ya laibulale singamupulumutse.

A Nambewe (Manchester): Aphunzitsi, ndakumvani ndipo sindikutsutsani. Ineyo sindinapemphe kuti pakhale chikole. Ndingonena kuti mabukuwa ndawatolera zaka ziwiri, ndipo mtengo wowatumizira ndalipira ndekha ndi ndalama za ntchito ya usiku. Ndikufuna kuti awerengedwe, komanso kuti chaka chamawa adzapezeke alipo.

Mayi Nangondo (a komiti ya sukulu, kumudzi): Popeza ndinali nawo polemba malamulowa, ndiloleni ndiyankhe, chifukwa zikumveka ngati ife a komiti ndife adani a ana athu omwe. Aphunzitsi a Phiri akudziwa bwino zimene zinachitikira mabuku a boma amene tinkalola ana kupita nawo kunyumba. Ine ndemwe ndinagula zitumbuwa pamsika tsiku lina, ndipo anandikulungira m'tsamba la buku la sayansi la Sitandade 6, chithunzi cha mtima wa munthu chitanyowa ndi mafuta. Masamba ena anathera kupichirira fodya. Kholo likapereka kanthu limayang'anira buku, likapanda kupereka limaliona ngati pepala wamba. Za Lachitatu lokha, tiuzeni amene akhale m'chipindamo masiku enawo, poti aphunzitsi alipo ochepa ndipo makalasi ndi odzaza.

A Banda (Johannesburg): Ine ndisanalowe m'nkhani ya chikole, ndikufuna kufunsa funso limodzi lokha. Mabukuwa aikidwa pa chiyani? Mu 2021 tinasonkha ndalama za mashelefu ndi zitsulo za m'mawindo a chipinda chomwecho, ndipo ife a kuno tinatumiza gawo lathu lonse pa Mukuru, malisiti ndikusungabe. Lero ndikumva kuti makatoni ali pamodzi ndi makasu. Musanapemphe mwana wa mlimi K2,000, tiuzeni kumene kunapita zathu zija.

Msungichuma (Blantyre): A Banda, nkhani imeneyi ndinaifotokoza kale pamsonkhano, koma ndibwerezanso mwaulemu. Tinatolera K640,000. Theka tinapereka kwa kalipentala kuti agule matabwa, ndipo ntchito isanathe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, zinthu zonse n'kukwera mtengo. Tikudikira kuti tisonkhenso, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zotsalazo zinagula malata pamene mphepo inasasula denga la Sitandade 3, ndipo a wapampando anavomereza. Palibe tambala imene inalowa m'thumba mwanga.

A Banda (Johannesburg): Kwacha inagwa, zimenezo tonse tikudziwa, koma matabwa ogulidwa kale sagwa nawo mtengo. Ali kuti matabwawo? Komanso gulu lonse likudziwa kuti kalipentala ameneyo ndi mlamu wanu.

Msungichuma (Blantyre): Ukwati wa mchemwali wanga usalowe m'nkhani ya laibulale, chonde.

Aphunzitsi a Phiri (opuma ntchito, kumudzi): Ana anga, funso la a Banda lisaponyedwe kumbali, chifukwa likukhudza mabuku enieniwo. Dzulo ndinapita kukaona. Makatoni asanjikidwa pansi penipeni, ndipo simenti ya m'chipindamo inasweka kalekale. Pakhoma la kumbuyo pali njira ya chiswe yokwera mpaka pawindo, ndipo pamene pali ufa wa phala makoswe sasowa. Katoni yapansi ndinaigwira, yayamba kale kufewa. Mvula ikangoyamba, chiswe chidzatha mabuku ambiri kuposa amene ana angataye m'zaka zisanu, ndipo chiswecho sitidzachilipiritsa chindapusa.

Mayi Nangondo, za zitumbuwa zija n'zoona, inenso ndinazionapo. Koma mabuku aja ankagawidwa popanda kulemba paliponse, ndipo pakutha pa chaka panalibe wodziwa kuti buku liti linali ndi yani. Njira yake ndi kaundula. Buku lililonse lipatsidwe nambala, lidindidwe chidindo cha sukulu pachikuto, pakati ndi patsamba lomaliza, kuti wogulitsa zitumbuwa achite manyazi kukulungiramo. Kalasi iliyonse kuyambira Sitandade 5 ikhale ndi tsiku lake ndi kaundula wake, wosungidwa ndi mphunzitsi wa kalasiyo mothandizidwa ndi ana awiri odalirika. Mwana atenge buku limodzi kwa sabata imodzi, ndipo asatenge lina asanabweze loyambalo. Kholo libwere kamodzi kokha pa chaka kudzasaina kapena kudinda chala pamaso pa a komiti, kuvomera kuti buku likatayika lidzagwira ntchito pasukulu, kaya kuumba njerwa kaya kututa mchenga. Manyazi a kuitanidwa pamaso pa a mfumu amaluma kwambiri kuposa K2,000. Mabuku otanthauzira mawu ndi a mapu okha ndiwo asatuluke, chifukwa ndi ochepa ndipo amafunika ndi onse.

Za chindapusa cha tsiku ndi tsiku, ndikuchenjezeni monga munthu amene anagwirapo ntchitoyi. Mwana akachedwa masiku khumi, ngongole yake yafika K2,000, ndipo chimene amachita ndi kubisa bukulo kudenga n'kumanena kuti anabweza. Chindapusa choterocho chimathawitsa buku limene likanabwera lokha.

A Mwale (Kasungu): Ine ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa zonse kupatula za tchuthi. Ana ambiri amapita kwa achibale, ena sabwereranso pasukulu yomweyo.

Aphunzitsi a Phiri (opuma ntchito, kumudzi): A Mwale, tchuthi chachikulu ndiye nthawi yokhayo imene mwana wa kwathu ali ndi mpata wowerenga dzuwa likuwala, popeza masiku a sukulu amafika kunyumba n'kupita kudimba, ndipo usiku nyale palibe. Amene akusamuka amadziwika, a hedi amawalembera kalata, ndiye asalandire kalatayo asanabweze buku. Ndiwonjezerenso chinthu chimene achemwali a Nambewe asachimve molakwika. M'makatoni awiri amene ndinatsegula simunapezeke buku la Chichewa ngakhale limodzi, ndipo ena ndi ovuta ngakhale kwa mwana wa Fomu 2. Afunika kusankhidwa malinga ndi msinkhu. Bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe komweko kumene mukukhala a mlembi, ndilo likudziwa ntchito imeneyi. Kalata imodzi yopempha kuti atiphunzitsire mphunzitsi mmodzi kasanjidwe ka mabuku, yodzera kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale a zoni yathu, ingatipindulire kuposa mkangano wonsewu.

A Nambewe (Manchester): Sindinakhumudwe, aphunzitsi, ngakhale kuti mabuku a Chichewa kuno sagulitsa. Amenewo agule a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre, amene mpaka pano sanaperekepo ngakhale kabuku kamodzi. Koma zimene mwanena za chiswe zandidetsa nkhawa. Ndili ndi makatoni ena asanu ndi limodzi okonzeka, ndipo sindiwatumiza mpaka nditaona chithunzi cha mashelefu.

Mayi Nangondo (a komiti ya sukulu, kumudzi): Maganizo a aphunzitsi ndi abwino papepala, koma ntchito yonseyo akuikundika pa aphunzitsi a m'kalasi amene sanafunsidwe. Ngati a Phiri ali okonzeka kumakhala m'chipindamo okha masiku atatu pa sabata, anene pompano, ndipo ine ndikapempha komiti kuti ichotse chikolecho.

Aphunzitsi a Phiri (opuma ntchito, kumudzi): Masiku awiri ndingathe, Lolemba ndi Lachinayi, malinga ngati kiyi azisungidwa ndi anthu awiri. Sindikufuna kudzatchulidwa dzina tsiku limene katoni idzasowe, monga mmene akutchulidwira ena pagulu pano.

Msungichuma (Blantyre): Mawu amenewo ndawamva kumene akulunjika, aphunzitsi, ndipo sindinayembekezere kuti angachokere kwa inu.

Wapampando (Lilongwe): Abale, tiyeni tiugwire mtima. Ndikupempha kuti malamulowa ayambe aima, ndipo tidzakambirane pamsonkhano wa kumapeto kwa mwezi. A msungichuma adzabwere ndi malisiti onse a 2021.

A Banda (Johannesburg): Msonkhano wa kumapeto kwa mwezi unalonjezedwanso chaka chatha, a wapampando, ndipo inu ndi amene munavomereza kuti ndalama za mashelefu zigule malata osatifunsa. Malisitiwo ajambulidwe aikidwe pano lero, kuti nafenso a kutali tiwaone. Ngati matabwa alipo kwa kalipentala, ngolo ikawatenge mawa.

A Mwale (Kasungu): Nanga pakadali pano ana abwereke kapena asabwereke?

Aphunzitsi a Phiri (opuma ntchito, kumudzi): Funso limenelo ayankhe a wapampando. Ine mawa m'mawa ndipita ndi adzukulu anga awiri, njerwa 20 ndi chitseko chakale cha khola, kuti makatoniwo achoke pansi. Mayi Nangondo, mundiuzireko amene ali ndi kiyi, chifukwa a hedi akuti kiyiyo ali ndi achiwiri awo, ndipo achiwiriwo anapita kumaliro ku Ntcheu.