Zinyalala za ku Chembe: dzala kapena migolo?

Wapampando: Moni nonse a kwathu. Maganizo alipo awiri pa zinyalala za m'mbali mwa nyanja m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear: tikumbe dzala lalikulu kuseri kwa msika, kapena tigule migolo n'kulemba anyamata otola. Ndalama ya m'thumba la gulu lathu singakwane zonse.

Mayi Nabanda (Blantyre): Dzala pamenepo ayi, a Wapampando. Pansi ndi mchenga, mukangokumba pang'ono m'mbali mumagumuka, madzinso ali pafupi. Azaumoyo amati pansi pa dzenje pazikhala mita imodzi ndi theka kuti mufike pa madzi a m'nthaka, ndipo dzenjelo litalikire mamita 30 kuchoka pa chitsime kapena mjigo. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo. Dzala lotero likanasanduka chithaphwi, chonsecho kolera wa 2022 ndi 2023 anatikhaulitsa ku Mangochi.

Bambo Phiri (Johannesburg): Achemwali mwalasa. Koma migolo nayonso ili ndi zake. Mgolo wa malita 200 ukadzaza zonyowa, anthu awiri saunyamula. Tiziudula pakati, tiboole timabowo pansi kuti madzi a mvula azituluka, apo ayi uchita dzimbiri msanga ndipo udzudzu uswana momwemo. Chivundikiro chizimangidwa ndi waya, chifukwa anyani amatsika m'phiri n'kumwaza zonse. Tcheni chisaiwalike. Mgolo wabwino ukagona panja wosamanga, mawa muupeza ukutcheza kachasu.

Malume Chisale (Monkey Bay): Ana inu, migoloyo ikadzaza mukakhuthula kuti? Mudzi wa Chembe wazunguliridwa ndi paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo a UNESCO, nthambi ya United Nations, anailemba m'kaundula wawo wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kuphiri simungangokumba. Muyambe mwagwada kwa mafumu, a T/A Nankumba amve, kenako a paki ndi a khonsolo ya Mangochi.

Mayi Nabanda: N'chifukwa chake tisasakanize, malume. Zowola ndi zimene zimalemera ndi kununkha: matumbo a nsomba, nsima yotsala m'malesitilanti, makoko a zipatso. Zimenezo zipite ku manyowa. Yalani udzu kapena masamba ouma masentimita 20, pamwamba zonyowa masentimita 10, wazani phulusa pang'ono, bwerezani mpaka mulu ufike mita imodzi. Muzitembenuza pakatha milungu iwiri iliyonse, pakutha pa miyezi itatu apsa. Mulu ukamanunkha ndiye kuti zonyowa zachuluka, onjezerani zouma. Matumbo a nsomba azikwiriridwa pakati, akakhala pamwamba agalu afukula. Mabotolo a mowa ndi zoziziritsa kukhosi amabwerera ndi makireti. Apulasitiki otsukidwa bwino amagulidwa ndi ogulitsa thobwa. Zotsala zenizeni ndi majumbo, mapampasi, mabotolo a wayini ndi maukonde ong'ambika.

Achimwene Gama: Zotsalazo tiziotcha basi.

Bambo Phiri: Kuotcha pati? Utsi wa pulasitiki ndi poizoni, ndipo mphepo ikatembenuka ukathera pa usipa woyanika. Mapampasi onyowa sapsanso, amangofuka tsiku lonse. Majumbo opyapyala osakwana mamaikironi 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) boma linaletsa mu 2015, khoti la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019, koma pitani pamsika mukaone.

Malume Chisale: Ena amaloza alendo kuti ndiwo amataya zinyalala, koma zambiri zimachokera m'mudzi momwemo. Anthu amataya m'makhwawa nthawi ya chilimwe, mvula yoyamba imakokolola zonse n'kukatula pagombe. Makhwawa azisesedwa mu Okutobala mvula isanagwe. Ena akuti titchinge waya wa sefa polowera m'nyanja. Zimatheka, koma wayayo akatsekeka ndi majumbo madzi amabwerera m'nyumba za anthu. Pamafunika munthu woyola mvula ikangokata, ngakhale Lamulungu.

Achimwene Gama: Nanga munthuyo azilipidwa ndi ndani? Ife a kutauni tisonkha miyezi itatu, wachinayi gulu lili zii.

Msungichuma: Apo mwanena, achimwene. Gulu ligule migolo 12, mawilibala awiri, magolovesi ndi majombo. Malipiro a mwezi achokere kwa eni malo ogona alendo, malinga ndi kuchuluka kwa zipinda, ndipo pakhale kalata yosainirana pamaso pa mfumu.

Mayi Nabanda: Migolo 12 ndi yochepa. Pamalo pamodzi pakufunika iwiri, wa zowola ndi wa zosawola.

Msungichuma: Tikaidula pakati ikhala 24, amayi.

Wapampando: Osagula kanthu malo okhuthulira asanapezeke. Malume, Loweruka mukaonane ndi mafumu. Bambo Phiri, tifunsireni kwa owotcherera zitsulo ku Monkey Bay mtengo wodula migolo ndi kupanga zivundikiro.