Mayi anga ndi malangizo a adokotala: zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditadandaula kuti mayi anga amaiwala zimene adokotala awauza akangotuluka m'chipinda. Ndinatsatira malangizo awiri. Ndinawaperekeza nditatenga kope, ndipo tisanatuluke, mayi anabwereza malangizowo m'mawu awoawo adokotala akumva. Apo m'pamene zinadziwika kuti mapiritsi a BP (kuthamanga kwa magazi) ankamwa kawiri pa tsiku m'malo mwa kamodzi. Adokotala anawalongosoleranso n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu pa paketi. Chizungulire chimene ankadandaula m'mawa uliwonse chija chatha, ndipo mtima wanga wakhala pansi.

Wina anatikumbutsa kuti odwala amaiwala 40 mpaka 80 peresenti ya zimene auzidwa. Nkhawa imawonjezera vutoli, ndadzionera ndekha. Mafunso anu muzilemberatu kunyumba, ndipo muziwapempha adokotala kuti ayambe ndi malangizo ofunika kwambiri.